Madontho Ofiira pa Khosi la Besi

Amuna anga, Che Swaibu, anabwera kudzakhala chikamwini kwathu kuno ku Ntaja atanyamula zinthu ziwiri zokha, bulangeti ndi gitala ya besi. Bulangetilo linatha kalekale, zidutswa zake tinamaliza n'kufunditsa mbuzi yodwala. Besiyo ndiye sinathe. Inakhala ikulendewera kudenga la kuchipinda kwathu, pamwamba penipeni pa bedi, kuyambira ndili mtsikana wa mano onse mpaka ndinayamba kutchedwa agogo. Ndinkadana nayo, ndipo sindinkabisa.

Anzanga akamva ankaseka, ati iwe Lukiya, munthu ungachitire nsanje thabwa? Onena zimenezowo sanagonepo pansi pa chinthu chimene mwamuna akadzuka amayamba kuyang'ana icho, asanaone n'komwe ngati mkazi wake wadzuka wamoyo. Komanso kwathu kuno mkamwini akatopa kapena akathamangitsidwa amachoka ndi zomwe anabwera nazo. Nyumba, munda ndi ana zimatsala kwa mkazi. Ndiye ine ndikakweza maso n'kuona besi ija, ndinkaona mtolo wa munthu amene sanamalize kumasula katundu wake. Tsiku lililonse akanatha kuitsitsa, kuikoleka paphewa, n'kukakwera minibasi ya ku Balaka.

Asanandikwatire ankaimba m'gulu lina la oimba ku Balakako, m'mabala ndi m'maukwati. Besiyo anapatsidwa ndi amalume awo amene anabwera nayo kuchokera kumigodi ya ku Joni, itadutsa kale m'manja mwa anthu ena. Amalume anga polandira mawu a ukwati ananena poyera kuti pakhomo pathu sipakhala mkamwini woimbira zidakwa, ndipo Che Swaibu anavomera. Analekadi. Anayamba kulima mpunga kudambo, ndipo kumzikiti sajomba. Pa zimenezo sindingawanamizire. Koma chaka chilichonse mpunga ukalowa m'nyumba ankaitsitsa besiyo, kuipukuta ndi kansalu ka mafuta, n'kukhala nayo pakhonde. Besi yopanda magetsi simveka, umangomva kung'ung'uza kwa chapansipansi. Ine ndikaona kuti aitsitsa ndinkatenga ndowa n'kupita kumjigo ngakhale mitsuko itadzaza, chifukwa sindinkafuna kuona nkhope yawo itapita kutali chonchija.

M'mbali mwa khosi la besiyo munali madontho ofiira. Tili ongokwatirana kumene ndinafunsa kuti ndi a chiyani, ndipo iwo, posadziwa kuti akudziputira, anandifotokozera akuseka. Ati m'mabala a nthawi imeneyo magetsi anali ofooka, munthu sunkaona poponda zala, ndiye Bernadetta, mtsikana amene ankatsogolera nyimbo m'gulu lawo, anatenga kyuteksi yake yopaka m'zikhadabo n'kudontheza pamalo oyenera. Dzinalo linatuluka m'kamwa mwawo mosavutikira, osapunthwa ngakhale pang'ono. Nditafunsa kuti nanga chitenje chimene besiyo inakulungidwamo n'cha ndani, anayamba kukanda m'mutu. Chitenjecho ndinachidula matewera a Fauziya, mwana wathu woyamba, ndipo chinagwira ntchito yake bwino lomwe. Madontho aja ndiwo anandikanika. Ndinayesapo kuwakanda ndi chikhadabo eni ake ali kudambo, koma kyuteksi ya kale inali yokakamira.

Panali chinthu chimodzi chimene chinkanditonthoza. Che Swaibu si munthu wa mawu okoma. Ukaphika bwino amangodya n'kusamba m'manja, ukavala chitenje chatsopano amafunsa ngati mbuzi zamangidwa. Koma tikakhala moyandikana, kaya pakhonde kaya m'minibasi, dzanja lawo lamanja linkabwera pamkono panga, ndipo zala ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati, zinkayamba kuyenda, china chikamatsika china chikukwera. Zinkayenda pang'onopang'ono, kenako mofulumira, n'kupuma, n'kuyambanso. Anachita zimenezi tili pamzere kuchipatala ndili ndi pakati, anachitanso titabwerako kumanda kokaika mayi anga. Mumtima ndinkati ichi chokha n'changa, wina aliyense alibe nacho mbali.

Chaka chathachi sitiroko inawagwira, mkono wamanzere unafooka. Amayenda, amayankhula, koma dzanjalo silifumbata. Denga lathu linali la udzu, ndipo ankalifolera okha chaka ndi chaka monga mkamwini aliyense. Chaka chimenecho silinafoleredwe, mvula inalowa. Inandidonthera pamutu dzinja lonse, iwo n'kumangoti tisunthe bedi. Tsiku lomwe dontho linagwera pa besi m'pamene anakhala pansi n'kunena kuti nyumba ino ikufunika malata, ndipo kuti besi igulitsidwe poti dzanja loiimbira palibenso. Ndinasangalala, komanso ndinapsa mtima. Mutu wanga unanyowa miyezi yonse ija osabala malata.

Achimwene anga, Che Zubairu, amakonza njinga pamsika wa Ntaja. Iwowa ndi amene anaijambula besiyo pafoni n'kutumiza zithunzi kwa anzawo a m'tauni. Chilimwe chitafika pachimake foni inalira. Anali mayi wina wa ku Blantyre dzina lake Tasha, amene amagula zida zakale zoimbira n'kumagulitsa kwa anthu akunja. Anapempha zithunzi zina, za kumutu ndi za kumbuyo, ndipo ataziona mawu ake anasintha. Anati ngati besiyo ndi imene akuiganizira, ya ku Amereka yopangidwa ine ndi amuna anga tili ana, ndiye malata tikhoma nyumba yonse, tiika simenti pansi, n'kutsalanso zina. Koma anati sangagule asanaigwire ndi manja ake n'kuimva ikulira pa sipika, ndiye tipeze malo a magetsi ndi zokuzira mawu, makamaka m'mbali mwa msewu waukulu kuti iye asavutike.

Achimwene akadaganizabe, Che Swaibu anayankha kale. Ati pa Phalula pali munthu amene amabwereketsa masipika m'maukwati. Ndinafunsa kuti munthu wake ndani. Anayang'ana nkhuku zomwe zinkadutsa pabwalo, n'kunena kuti ndi Bernadetta. Munthu amene sadziwa kuti mdzukulu wake ali sitandade chiyani ankadziwa kumene Bernadetta amakhala, ntchito imene amagwira, ngakhalenso kuti mwamuna wake anamwalira. Ati anazimva pamaliro kwawo ku Rivirivi. Ndinanena pomwepo kuti ulendowu ndipita nawo, chifukwa munthu wa dzanja limodzi sanganyamule katundu yekha.

Tsopano besiyo mmene inalili sinali yoti n'kupita nayo kwa anthu. Penti inasupuka, pogonera mkono panatsala mtengo wokhawokha wakuda ndi thukuta, kumbuyo kunali mikwingwirima ya chitsulo cha lamba, kumutu kunali chipsera cha ndudu. Achimwene anaizungulira n'kunena zomwe munthu aliyense wodziwa msika anganene: njinga sugulitsa usanaipente, mbuzi supita nayo kumsika ili ndi ndowe m'miyendo. Ine ndinagwirizana nazo, poti sindinkafunanso kuti mayi wa ku Phalulayo azinena kuti zinthu zikalowa m'nyumba ya Lukiya zimasanduka zinyalala. Che Swaibu nawo anavomera, iwonso ankafuna kukaoneka bwino, ndipo musandifunse kuti pamaso pa ndani. Koma achimwene atatenga sandipepa, iwo anagwira khosi la besi ndi dzanja lawo lamoyo lija.

"Kunoku iyayi, alamu. Khosi mukalipenta dzanja silitsetsereka."

Dzanja liti, poti lotsetserekalo linafa? Ndinangoluma mano. Achimwene anapala thupi lonse la besiyo, analipaka penti yabuluu imene amapaka njinga za kabaza, n'kujambulanso kamzere koyera m'mphepete. Inawala mpaka aneba anabwera kudzaona. Madontho ofiira aja anatsala momwe analili, ndipo pa buluupo anayamba kuonekera kwambiri kuposa kale.

Tinanyamuka m'mawa, besi itakulungidwa m'chitenje changa. Tinawoloka Shire pa Liwonde, tinasintha minibasi ku Balaka, dzuwa likuwotcha ngakhale kukadali m'mawa. Njira yonse zala zawo zinkayenda pamkono panga, ndipo zinandikhazika mtima pansi. Ndinkadziuza kuti pobwerera tikhala awiri okha pampando, opanda chachitatu pamiyendo.

Zaka zonsezi Bernadetta ndinkamuona m'maganizo ali wowonda, woyera, wa zikhadabo zazitali. Pa Phalula, kuseri kwa mabenchi a tomato ndi anyezi, tinapeza mayi wonenepa wa imvi, wa magalasi, mapazi otupa ali m'patapata, korona ili m'khosi. Zikhadabo ndinaziyang'ana, zinali zazifupi zopanda kalikonse. Ndikanayenera kusangalala, koma zinandipweteka kwambiri, chifukwa nkhope ya Che Swaibu inawala chimodzimodzi. Akanakhala wokongola ndikanati ndi maso chabe.

Anandilandira bwino, mwina mopitirira. Anandipatsa moni wa Chiyao, n'kunena kuti ndiye awa ndi mayi a Fauziya. Dzina la mwana wanga ankalidziwa. Amuna anga anawaitana kuti Swaibu, basi, popanda Che, ngati akuitana mwana wa m'nyumba mwake. Anatiphikira nsomba, ati anakumbukira kuti nyama yosazinga sitidya. Mpunga wake unali wophwanyikaphwanyika, woti kwathu timathira nkhuku, ndipo ndinadya pang'ono kuti aone.

Tasha anafika pa kagalimoto kake titangomaliza kudya. Anali mtsikana wamng'ono kwa Fauziya, wovala buluku, atanyamula kachikwama ka zida. Anapereka moni mwaulemu koma maso ali pa chitenje chomwe chinali patebulo, m'chipinda chomwe Bernadetta amasungira masipika. Che Swaibu anandiuza kuti ndivundukule. Ndinavundukula monyadira, buluu uja anawala m'chipinda monse. Mtsikanayo anangoti chilili. Anatulutsa foni, anayang'ana chithunzi, anayang'ana besi, n'kufunsa ngati tabweretsa ina. Titamuuza kuti ndi yomweyo koma taikonza, anakhala pamwamba pa sipika, manja ali kumaso.

Atapeza mawu anatifotokozera. Ati anthu amene amagula zida zoterezi safuna chowala, zowala zadzaza m'masitolo. Amafuna penti yomwe inachokera kufakitale, yosupukayo, ndi thukuta lake, ndi mikwingwirima yake, ndi chipsera cha ndudu chomwe. Zimenezo ndizo zimawatsimikizira kuti chinthucho n'chenicheni ndipo chinayenda m'dziko. Mpaka lero ndimati anthu akunjawo mitu yawo siyenda bwino. Munthu wanzeru angalipire litsiro la munthu wina? Ndinamufunsa kuti nanga bwanji sananene pafoni, iye anati sizinamubwerere m'mutu kuti wina angaipente.

Anaiyezabe. Anayatsa katochi n'kuwerenga manambala a pakachitsulo ka kumbuyo, pomwe khosi limakumana ndi thupi. Anatsinzina diso limodzi n'kuyang'ana khosilo m'litali mwake monga amachitira akalipentala ndi thabwa. Anakanda pakona ndi chikhadabo kufuna kuona ngati penti yakale yatsalako pansi, koma achimwene anga sagwira ntchito yachinyengo, anapala mpaka pamtengo. Atafika pa madontho ofiira aja anaima, anawasisita ndi chala, n'kufunsa kuti anaika ndani. Bernadetta anaseka n'kukweza dzanja ngati mwana wa sukulu. Tasha anati mwayi wake amenewa sitinawakhudze, chifukwa ogula amakonda zoterezi.

Kenako ananena maganizo ake. Thupi la besiyo analibe nalonso ntchito. Koma khosi linali lenileni, lowongoka, losakhudzidwa, ndipo ankadziwa munthu wina kunja amene ali ndi thupi la mtundu womwewo koma akusowa khosi. Khosilo limagwidwa ndi masikuluwu anayi okha, kumasula kwake sikuvuta. Za simenti tiiwale, koma khosi lokhalo likanatha kutikhomera malata nyumba yonse.

"Ndiye mukufuna muizinge ngati nkhuku," anatero Che Swaibu. Sanakweze mawu.

Apa m'pamene Bernadetta analowererapo. Anati iye aigula yonse yamphumphu, ndi buluu wakeyo, kuti anyamata amene amayenda ndi masipika ake aziimbira m'maukwati ndi kutchalitchi. Ndalama zambiri analibe, zomwe akanatha zinali zofolera mwina chipinda chimodzi. Anawonjezera kuti besi ikakhala pa Phalula sinapite kutali, Swaibu akamapita kwawo ku Rivirivi akhoza kumatsika n'kudzaimvera. Ananena zimenezi akundiyang'ana ine, akumwetulira, ngati akundichitira chifundo.

Tasha anati tisanapite patali aimve kaye, kuti adziwe ngati khosilo likulira bwino malo onse. Analumikiza waya ku sipika yaikulu. Iye anati kuimba sadziwa, amangodziwa kugula, ndiye anaipereka kwa mwini wake. Che Swaibu anaikhazika pamiyendo. Ananyamula dzanja lamanzere pogwiritsa ntchito lamanja n'kuliika pakhosi la besi, koma zala zinakana kupinda, dzanjalo linatsetsereka n'kugwera pabondo. Anayesanso, linagwanso. Ndinamva chisoni, ndipo ndinayamba kudzuka kuti ndikawagwirire mkonowo.

Bernadetta anandipitirira. Anakoka mpando n'kukhala kumanzere kwawo, phewa kugunda phewa. Sanafunse kuti tiimbe iti. Anangoika chala chake chonenepa pa dontho loyamba, Che Swaibu n'kukoka nsambo.

Aka kanali koyamba kuimva besi ija ikulira. Zaka zonsezi ndinagona pansi pake osadziwa kuti ili ndi mawu otero. Sanalowere m'makutu, analowera m'chifuwa, ndipo makapu a patebulo ananjenjemera. Bernadetta anasuntha chala kupita pa dontho lina, n'kuyamba kuimba. Inali nyimbo ya gulu lawo lija, ya mkazi amene akudikira mwamuna wake pa siteshoni ya sitima ku Balaka. Mawu ake anali okalamba, osasa pang'ono, koma ankadziwa kopita. Iye ankaponda, iwo ankakoka, osayang'anana, osalakwitsa. Amayi ogulitsa tomato anasiya mabenchi n'kudzadzaza pakhomo. Tasha anayamba kujambula pafoni.

Ine nkhope zawo sindinkafuna kuziona, ndiye ndinagwetsa maso. Anagwera pa dzanja lamanja la amuna anga. Zala ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati, zinkayenda pansambo, china chikamatsika china chikukwera. Pang'onopang'ono, kenako mofulumira, n'kupuma, n'kuyambanso. Ndinkadziwa pomwe zipumire zisanapume. Nyimboyo makutu anga anali asanaimvepo, koma mkono wanga unkaidziwa yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pamzere wa kuchipatala paja inali nyimbo imeneyi. Pobwera kumanda a mayi anga inali imeneyi. M'minibasi m'mawa womwewo inali imeneyi.

Ndinachita nsanje yoti sindinaimvepo chibadwire, yoposa ya chitenje chija, yoposa ya madontho. Ndinagwira mkono wanga n'kuupukuta ndi mpango ngati pagwera kanthu.

Atamaliza anthu a pakhomo anaomba m'manja. Bernadetta anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Tasha anati khosilo lilibe vuto, mawu ake aja sanasinthe, koma akufuna yankho lero chifukwa sangabwerenso ulendo wina. Onse anayang'ana Che Swaibu. Iwo anaika dzanja pansambo kuti zisalire, kenako anatembenukira kwa ine.

"Nyumba yodonthayo ndi yanu, mayi a Fauziya. Ine ndine mkamwini. Nenani ndinu."

Ndinadziwa chomwe ankafuna kuti ndinene, nkhope yawo sinabise. Ndinaziyala m'mutu mwanga. Ndikapereka kwa Bernadetta, besi ichoka m'nyumba mwanga yonse, chomwe ndakhala ndikupempha kwa Mulungu kuyambira ndili mtsikana. Koma ikakhala pano, m'manja mwake, ikulira, ndipo maliro a ku Rivirivi ayamba kuchuluka. Ndikapereka kwa Tasha, ndibwerera kwathu ndi chithabwa chabuluu chopanda ntchito, koma madontho aja akwera ndege, ndipo palibenso tsiku lomwe anthu awiriwa adzakhale phewa ndi phewa chonchija. Za malata ndinaziganiza pomalizira, ngakhale ndi zomwe ndinatchula.

"Mvula sidontha chipinda chimodzi," ndinatero. "Masulani."

Tasha anayang'ana Che Swaibu, iwo anagwedeza mutu kuvomera. Mtsikanayo anagoneka besi chafufumimba pa chitenje changa. Anafewetsa nsambo imodziimodzi n'kuzikulunga, anatenga sikuludiraiva, ndipo masikuluwu aja anatuluka mosavuta ngati akhala akudikira. Pochotsa khosilo panamveka kaphokoso kakang'ono ka mtengo wouma. Che Swaibu anayang'ana kuzenera. Bernadetta anazimitsa sipika n'kutuluka, ati akaone madzi a tiyi. Tasha anakulunga khosilo m'nsalu yofewa mosamala kwambiri, ndipo dontho lomaliza ndinaliona likulowa m'nsalumo.

Potiperekeza kumsewu Bernadetta anatigulira tomato. Anandigwira dzanja n'kunena kuti ndachita bwino, mvula ili pafupi. Ndikanakonda akananditukwana. Kwa amuna anga anangoti, "Uyende bwino, Swaibu," iwo n'kuyankha kuti zikomo. M'minibasi anakhala ndi thupi la besi lija pamiyendo, dzanja litagona pamwamba pake, mpaka tinafika ku Ntaja.

Malata anakhomedwa mvula isanayambe. Achimwene atamva nkhani ya penti anati akunjawo ndi amisala, ndipo akanakhala kuti anapita nawo akanamuphunzitsa mtsikanayo malonda. Chithabwa chabuluucho Che Swaibu sanachikolekenso kudenga. Anandifunsa kuti achiike pati, ine ndinati paliponse, ndiye chili kuseri kwa chitseko pamodzi ndi makasu. Pamwamba pa bedi palibenso kanthu, ndikadzuka ndimaona malata oyera. Amuna anga alibenso choti angakoleke paphewa n'kumapita. Sanandinene, sanandikwiyire, amadya n'kusamba m'manja monga kale.

Dzanja lawo limabwerabe pamkono panga tikakhala pakhonde. Poyamba ndinkakonzekera kuuchotsa mkonowo zala zikangoyamba, ndipo mawu oti ndiwauze ndinawakonza kale, akuthwa bwino. Koma zala sizinayambe. Dzanjalo linkangofika n'kugona, lolemera, lofunda, ngati lamanzere lija. Ndinati mwina n'kutopa. Sabata zinadutsa, mwezi unatha. Ndinayamba kudzipeza ndikusiya ntchito n'kukakhala pafupi nawo, mkono nditauika poyera, ine amene ndinkafuna kuubisa. Ndinkakhala pamenepo ndikudikira chinthu chomwe ndikudziwa kuti si changa, ndipo zinkandikwiyitsa kuti ngakhale kukhala chete kwa zala zawo kunali kwa mayi wa ku Phalula uja.

Mvula yoyamba inagwa masana a Lachisanu, iwo atangobwera kumzikiti. Tinakhala pakhonde, ine ndikusankha mbewu ya mpunga m'lichero, malata akulira pamwamba pathu, pansi pali pouma gwa. Anati denga lagwira, alihamudulilahi, n'kuika dzanja pamkono panga. Linagona pamenepo osagwedezeka. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali, mitsempha yake, zikhadabo zake zong'ambika ndi khasu.

Ine kuimba sindidziwa, ngakhale pa chinamwali anzanga ankandiika kumbuyo. Mawu a nyimbo ija sindinawagwire onse, koma kayendedwe kake kanali m'thupi mwanga. Ndinayamba kung'ung'uza chapansipansi, maso ali m'lichero, kuti ngati afunsa ndinene kuti ndi mvula. Ndinadutsa poyamba paja, palibe chinachitika. Nditafika pomwe imafulumira, chala chamkombaphala chinadzuka n'kugwa. Chapakati chinatsatira. Zinayamba kuyenda monga kale, ndipo misozi inandilengeza, ya chisangalalo ndi ya ukali pamodzi. Ndinawayang'ana cham'mbali. Sankayang'ana ine, nkhope yawo inali itapita kutali kuja.

Ndinapitiriza mpaka pakati pa nyimbo, pomwe mkazi uja amamva sitima ikubwera. Zala zinaima.

"Pamenepo ankakweza mawu," anatero, maso ali kumvula.

Ndinabwerera pang'ono m'mbuyo, ndipo nditafikanso pamenepo ndinakweza.